Matope a pa Doko ndi Mtengo wa Zinthu m'Komboni

MZINDA wa Lusaka ulibe nyanja, ndipo ulibe ngakhale mtsinje woti munthu n'kupalasapo bwato. Unamangidwa pa mtunda wa miyala, mamita oposa 1,200 pamwamba pa nyanja yamcere, ndipo doko limene lili pafupi nawo koposa, la Beira, lili kutali makilomita pafupifupi 1,000. Mwana wobadwira ku Matero kapena ku George angathe kukula, kukwatira ndi kuyangata adzukulu ake asanaonepo combo ca pa nyanja ndi maso. Cotero owerenga ena adzafunsa kuti nkhani ya kukumba matope pansi pa madoko ikufunanji m'nyuzi ino. Yankho lake lili m'makomboni mwathu momwemu, ndipo munthu wa maso angalipeze atayenda tsiku limodzi lokha.

Yambirani ku Kanyama m'mamawa, fumbi lisanadzuke, mutsate mseu wa Los Angeles kulunjika ku msika wa Soweto. Tomato, repu ndi makala n'zathu. Zafika usiku kucokera ku minda ndi ku nkhalango zozungulira mzinda. Koma yang'anani amai aja amene akudula mawaya a belo la salaula, anthu atawazinga kale kuti asankhe zovala zoyamba. Belo limenelo linafinyidwa ndi makina kutsidya la nyanja, linagona masabata angapo m'kontena pamwamba pa mafunde, ndipo lisanafike m'manja mwao linadzera pa mpata wa doko lina. Comweconso mafoni a m'manja, matoci, matayala a galimoto ndi nsapato zambiri za ana a sukulu zimene zayalidwa pa matebulo.

Ku Matero ndi ku George, maminibasi amene aima pamzere kudikira anthu opita ku tauni, ambiri a iwo anayamba moyo wao m'miseu ya ku Japan. Anatsika pa mawilo ao kucokera m'mimba mwa combo ku Dar es Salaam, nayendetsedwa mpaka kuno ali ndi nambala zija za IT zimene ngakhale ana amazidziwa. Mafuta amene akumwa nawonso anabwera pa combo. Mukapita kum'mawa kwa mzinda, ku Kalingalinga, m'mbali mwa mseu wa Alick Nkhata, mudzapeza amisiri akuwotcherera zipata ndi mafelemu a mazenera, ena akupala matabwa a mabedi. Matabwawo ndi a m'dziko lino, koma makina owotcherera, maloko ndi mahinjesi, zambiri n'zakunja. Ndipo ku Chawama, kumene kuli anthu ambiri ocokera ku Chipata, ku Katete ndi ku Petauke, mwezi wa October ukafika nkhani imakhala imodzi: mtengo wa thumba la feteleza loti atumize kumudzi. Kwa zaka zambiri mbali yaikulu ya feteleza ameneyu yakhala ikutsitsidwa pa madoko a maiko anzathu.

Tsono combo ciri ngati lole. Munthu wotumiza cimanga ku msika adziwa kuti lole imodzi yaikulu imadya ndalama zocepa pa thumba kusiyana ndi tumagalimoto khumi. Pa nyanja n'cimodzimodzi, koma combo cikakula, mimba yake imamira kwambiri m'madzi. Ngati doko ndi losaya, eni zombo amacita cimodzi mwa zitatu: amatumiza combo cacing'ono, kapena amatumiza cacikulu cosadzaza, kapena amakatula katundu pa doko lina lakuya kuti zombo zazing'ono zikamutute kaciwiri. Njira zonsezi zimadya ndalama, ndipo ndalamazo sizithera pa nyanja. Zimayenda ndi katundu, kucokera kwa woitanitsa kupita kwa wapikulitsa, kucokera kwa wapikulitsa kupita pa kantemba ka ku Mtendere, mpaka zitafika kwa amai ogula mafuta ophikira a m'kabotolo, amene alibe wina womukankhira mtengowo.

AKULU AKUMBUKIRA

Akuluakulu a m'makomboni safunika kuuzidwa kuti doko likatsekeka, m'nyumba mumazizira. Pa 11 November 1965, Ian Smith analengeza ufulu wake wa cinyengo ku Rhodesia, ndipo njira ya kumwera, imene pafupifupi katundu yense wa Zambia anali kudzera, inasanduka msampha. Petulo anayamba kugulitsidwa mwa muyeso. Wina anabwera pa ndege, wina m'migolo pa malole odzera mseu wa kumpoto, umene pa nthawiyo unali wa fumbi m'cilimwe ndi matope m'dzinja, ndipo madalaivala ambiri anasiya miyoyo yao m'menemo. Mu 1968 paipi ya TAZAMA, ya makilomita 1,710, inafika ku Ndola kucokera ku Dar es Salaam. Pa 9 January 1973 Smith anatseka malire, ndipo pamene anafuna kuwatsegulanso, malemu Dr. Kenneth Kaunda anakana. Njanji ya Benguela yopita ku Lobito inaima mu 1975 cifukwa ca nkhondo ya ku Angola. Caka comweco njanji ya TAZARA, ya makilomita 1,860, inamalizidwa ndi thandizo la China, ndipo katundu wa dziko lonse anathamangira pa doko limodzi limene silinamangidwire katundu woculuka cotero.

Zotsatira zake anthu anaziona ndi maso. Katundu anaunjikana pa doko la Dar es Salaam, ndipo mu October 1978, mvula ili pafupi koma feteleza asanafike kwa alimi, Dr. Kaunda analengeza kuti njanji ya kumwera itsegulidwenso, ngakhale kuti nkhondo ya ufulu wa Zimbabwe inali isanathe. Amai a ku Matero amene anali kufola pa mizere ya sopo, mcere ndi mafuta ophikira pa masitolo a ZCBC ndi Mwaiseni m'zaka zimenezo akadalipo. Sitinena kuti kusowa konse kuja kunali cifukwa ca doko. Mtengo wa mkuwa unali utagwa kuyambira 1975, ndalama zakunja zinasowa, ndipo mabogi a sitima anali ocepa. Koma doko linali khosi limene zonse zinayenera kudzera, ndipo khosilo linali lopapatiza.

ULENDO WA KU GOMBE

Wofuna kuliona khosi limeneli ayenera kukonzekera ulendo wa makilomita pafupifupi 2,000. Mseu umadzera ku Kabwe, Kapiri Mposhi, Serenje, Mpika ndi Isoka mpaka pa Nakonde, pamene mzere wa malole odikira kuoloka malire umatalika mwina makilomita angapo. Kutsidya kuli Tunduma, kenaka Mbeya ndi Iringa, citunda cokhotakhota ca Kitonga, nkhalango ya nyama ya Mikumi, Morogoro, ndipo pomaliza mphepo yotentha ya cinyezi imene imakuuzani kuti nyanja yayandikira. Njira yonseyi mumakumana ndi malole a mkuwa akutsika, a mafuta ndi makontena akukwera. Dalaivala wina wacikulire wa ku Chawama, amene wayenda mseu umenewu kwa zaka zambiri, anandiuza kuti kuyendetsa sikumtopetsa. Cimene cimamtopetsa ndico kudikira, ndipo kudikira kwake kumayamba combo cisanakoceze n'komwe.

Dzina lakuti Dar es Salaam, limene Sultan Majid wa ku Zanzibar anapatsa mudziwu m'zaka za m'ma 1860, m'Ciarabu litanthauza nyumba ya mtendere. Anthu a ku Mtendere angati ndi dzina lao. Ndipo ndi loyenera, pakuti doko lake lili ngati nsupa: m'kati ndi motakata, madzi ali phee, mafunde a nyanja ya India safikamo, koma polowera pake ndi khosi lopapatiza ndi lokhota. Mukaima pa msika wa nsomba wa Kivukoni, pafupi ndi pamene pantoni imaolotsa anthu kupita ku Kigamboni, combo cimapita pafupi nanu kotero kuti mungathe kuona nkhope za amalinyero, ndipo mumadabwa kuti cinthu cacikulu cotero cikudzera bwanji pa mpata wotere. Ajeremani anadziwa bwino kucepa kwa mpatawu, pakuti mu 1914, nkhondo itayamba, anamizapo cimalo cao coyandama cokonzerapo zombo, kuti atsekere kunja zombo za nkhondo za Angelezi. Mpaka 1956, pamene makoma atatu oyamba a madzi akuya anatsegulidwa, zombo zinali kuponya nangula pakati pa doko ndipo katundu anali kututidwa ndi mabwato.

Usiku, mukayang'ana kunja kwa mpata, mumaona magetsi atandandalika pa nyanja ngati komboni ina yoyandama. Zimenezo ndi zombo zoponya nangula, zodikira malo. Tsiku lililonse lodikira liri ndi mtengo wake, umene mwini katundu amalipira. Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inalemba mu 2013 kuti m'caka ca 2012 combo ca makontena cinali kudikira pafupifupi masiku 10 cisanapeze pokoceza, ndipo inawerengera kuti maiko oyandikana ndi Tanzania, ife tili pakati pao, akanapindula madola 830 miliyoni a ku America pa caka dokoli likanayenda bwino. Zombo zazikulu za mafuta zokha n'zimene zinapeza njira ina kalekale: kuyambira 1973 zimamangirira pa citsulo coyandama kunja, pafupi ndi Ras Mjimwema, ndipo mafuta amapita ku mtunda kudzera m'paipi ya pansi pa nyanja.

Pakali pano zombo za pa dziko lapansi zakula modabwitsa. Owerenga akumbukira Ever Given, cimene cinapingasa ngalande ya Suez kwa masiku 6 mu March 2021. Utali wake ndi mamita 400. Mutagoneka Findeco House kanai motsatizana simungafike kumapeto kwake. Zombo za msinkhu umenewo sizibwera pa gombe la kum'mawa kwa Africa, koma zikalowa m'njira zazikulu za pakati pa Asia ndi Ulaya, zimene zinali zazikulu dzulo zimakankhidwira ku njira zathu. Doko limene likhala cikhalire limasiyidwa m'mbuyo ngakhale kuti silinacepe.

MMENE AMAKUMBIRA

Mpata wa Dar es Salaam unawongoledwa ndi kuzamitsidwa cakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, koma nchito yaikulu koposa inayamba mu 2017, pamene Banki ija inavomereza ngongole ya madola 345 miliyoni, ndipo malemu John Magufuli anaika mwala wa maziko. Kampani ya China Harbour Engineering inapatsidwa nchito yozamitsa malo okocezera zombo, kuyambira woyamba mpaka wa cisanu ndi ciwiri, kuti afike mamita 14.5, ndi kumanga malo atsopano otsitsira magalimoto pa Gerezani. Pambuyo pake anatembenukira ku mpata wolowera ndi ku bwalo lotembenukira zombo, colinga cili cakuti kuya kufike mamita 15.5 ndipo zombo za mamita pafupifupi 300 zizilowa mosaopsa. Mamita 15 ndi msinkhu wa nyumba yosanjikiza kanai kapena kasanu, yonse itamira.

Nchito imeneyi munthu wa ku Kanyama angaimvetse msanga kuposa anthu ena, cifukwa iye amakhala pa mwala ndipo amalimbana ndi ngalande. Poyamba akatswiri amayeza pansi pa nyanja ndi makina otumiza mau m'madzi. Mau akagunda pansi n'kubwerera, makina amawerenga kuya kwa pamalopo, ndipo amajambula mapu oonetsa pamene pali mcenga, pamene pali dongo ndi pamene pali thanthwe. Pa mcenga ndi matope amagwiritsa nchito combo cimene cimakoka cipaipi pansi, cikuyamwa matopewo ndi kuwasunga m'mimba mwake. Cikadzaza cimapita kutali pa malo osankhidwa, n'kutsegula zitseko za pansi ndi kukhuthula. Pa mwala pamafunika cina, cokhala ndi mutu wozungulira wa mano acitsulo umene umaswa thanthwe lisanayamwidwe. Gombe la kumeneko liri ndi mwala wa makorali, umene ndi wa laimu, mbale wake wa mwala uja amauswa ndi nyundo amai a m'mbali mwa miseu ya Kanyama. M'makona mothina amakumba ndi katapila woima pa cibwato.

Cobvuta koposa si kukumba ai, koma kukumba pafupi ndi khoma. Aliyense womanga nyumba adziwa kuti ukakumba dzenje lakuya m'mbali mwa maziko, khoma limang'ambika. Makoma akale a doko anamangidwira madzi osaya, cotero asanazamitse anayenera kukhoma mizati yatsopano ndi kulimbitsa gombe lonse, ndipo anacita zimenezi malo amodzi pa nthawi imodzi, zombo zikutsitsa katundu pambali, pakuti doko la maiko ambiri silingatsekedwe monga sitolo.

Kuyaku si nkhani ya malonda okha. Ndi nkhaninso ya moyo. Pakati pa mimba ya combo ndi pansi pa nyanja payenera kutsala danga. Combo cikamayenda m'madzi osaya cimatitimira pang'ono kuposa pamene caima, ndipo ciwongolero cake cimamvera mocedwa. Ciribe mabuleki. N'cifukwa cake pa mpata uliwonse wotere pamakwera katswiri wa pa doko lomwelo, wodziwa khona lililonse, kuti atsogolere kapitawo wa combo, tizombo tamphamvu tikukoka ndi kukankha m'mbali. Combo cimodzi cokha citatitimira pa khosi la nsupa ija, magalimoto, mankhwala ndi feteleza wa maiko a kumtunda zingaime kunja mpaka citacotsedwa. Pali mtengo winanso umene sulembedwa kawirikawiri: madzi amabvunduka pokumba, matope amakwirira makorali mmene nsomba zimaswana, ndipo asodzi a mabwato ang'onoang'ono ndiwo amayamba kumva.

BEIRA NDI NACALA

Walira mvula walira matope. Mwambi umenewu ukanayenera kulembedwa pa cipata ca doko la Beira, limene kwa ife a ku Lusaka ndilo la pafupi, kudzera ku Chirundu ndi Mutare, kapena ku Katete, Chanida ndi Tete. Beira ali pa mathiriro a mtsinje wa Pungwe, ndipo Buzi nayenso amathira pafupi. Mitsinje iwiriyi imatsika ndi dothi la m'mapiri caka ndi caka n'kulitula m'njira ya zombo yotchedwa Macuti. Madzi a kumeneko amakwera ndi kuphwa kawiri pa tsiku, mwina mamita oposa 6, cotero zombo zolemera zimadikira kuti nyanja idzaze. Njirayo itasiyidwa zaka zambiri osasamalidwa mokwanira, inakwiririka kwambiri, ndipo mu 2010 ndi 2011 kampani ya Van Oord ya ku Netherlands inaitanidwa kudzakumba mwadzidzidzi kuti kuya kubwerere pa mamita 8. Koma mitsinje sinaleke nchito yake, ndipo kampani ya boma la Mozambique ya EMODRAGA iyenera kumangokumbabe.

Apa ndi pamene anthu a ku Kanyama angagwedeze mutu. Iwo akumbukira cigumula ca 1978, ndipo caka ciriconse mvula isanagwe amaona ngalande zikufukulidwa, mcenga ndi mapulasitiki zikuunjikidwa m'mbali. Pofika February zonse zabwereramo. Kukumba koyamba kumakhala ndi mwambo, nduna ndi zithunzi m'nyuzi. Kukumba kwa caka ndi caka kulibe woombera m'manja, ndipo m'maganizo mwanga ndiko kumene kumaonetsa ngati doko liri ndi eni ake.

Nacala ndi wamwai, pakuti gombe lake linabadwa lakuya ndipo silifuna kukumbidwa monga Beira. Njanji ya Chipata kupita ku Mchinji, imene inatsegulidwa mu August 2010, inamangidwa kuti Cigawo ca Kum'mawa cilumikizane ndi doko limeneli kudzera m'Malawi, koma njanjiyo imathera pa Chipata ndipo siifika ku Lusaka. Abale athu a ku Malawi anayesa njira ina: pa 23 October 2010 malemu Bingu wa Mutharika anatsegula doko la Nsanje pa mtsinje wa Shire, malemu Rupiah Banda ali pomwepo monga mlendo. Khoma la konkire linali litamangidwa, koma bwato la feteleza limene linayembekezeka tsikulo linaimitsidwa ku Mozambique, kumene boma linati pafunika kufufuza kaye za kuyenda ndi kukumba m'mitsinje ya Zambezi ndi Shire. Doko lopanda njira ya madzi linakhala khoma cabe.

ZA IFE ENI

Zambia sangakumbe nyanja ya mwini, ndipo ngongole ya ku Dar es Salaam adzabweza ndi anzathu a ku Tanzania. Koma tisaganize kuti ndife alendo pa doko limenelo. Magawo awiri mwa atatu a paipi ya TAZAMA ndi a Boma lathu, ndipo kuyambira 2023 paipiyo imanyamula dizilo woyengedwa kale m'malo mwa mafuta osayengedwa amene kale anali kupita ku Indeni. Theka la TAZARA ndi lathu. Ku Kurasini, pafupi ndi doko, kuli malo osungira katundu otchedwa Mukuba, amenenso ndi a Boma la Zambia. Mu October 2023 boma la Tanzania linasainirana ndi kampani ya DP World ya ku Dubai pangano la zaka 30 loyendetsa mbali ya dokoli, ndipo mitengo imene idzaikidwa kumeneko m'zaka zimenezo idzafika pa matebulo a ku Soweto.

Ndipo madzi akuya paokha satsitsa mtengo wa belo la salaula. Combo cikatsitsa makontena ambiri pa tsiku limodzi, onsewo amafuna njira yocokera, ndipo masiku amene apulumutsidwa pa nyanja angathe kutayika pa mzere wa pa Nakonde kapena m'maenje a mseu wa kumpoto. Njanji ya TAZARA, imene inamangidwa kuti izinyamula matani mamiliyoni pa caka, kwa zaka zambiri yakhala ikunyamula kacigawo kakang'ono cabe ka zimenezo, ndipo katundu wolemera wakhala akuswa phula amene akanayenera kupumula. Mu September 2024 atsogoleri a Zambia, Tanzania ndi China anacitira umboni pangano ku Beijing lakuti njanjiyi itsitsimutsidwe. Tilinso ndi doko lathulathu pa Mpulungu, pa nyanja ya Tanganyika, pamene simenti ndi shuga wa m'dziko lino zimakwera zombo kupita ku Bujumbura ndi ku magombe a Congo. Pa doko limenelo palibe mnzathu woti timuloze cala. Makina, makoma ndi madzi ake zonse zili m'manja mwathu.